Ndemanga pa Kosi ya Chitetezo cha Oyendetsa Maboti ku New York

Kuyambira pa 1 Januwale 2025, munthu aliyense woyendetsa boti la injini pa madzi a m'chigawo cha New York ku America akuyenera kukhala ndi satifiketi yosonyeza kuti anachita maphunziro a chitetezo cha pamadzi ndipo anakhoza mayeso ake. Lamuloli silisankha msinkhu wa munthu ngakhalenso kukula kwa injini, moti bambo wachikulire amene wakhala akuwedza pa Lake Ontario kuyambira ubwana wake, ndi mnyamata amene wangomangirira kainjini kamagetsi kumbuyo kwa kaboti kake, onse akufunika pepala limodzimodzilo. Ine ndinachita kosi imeneyi m'kalasi, ndipo ndikulemba pofuna kuthandiza anzanga okhala kuno amene akuganiza zogula boti, kapena amene amayendetsa boti la achibale ndi anzawo nthawi ya chilimwe, kuti adziwe zimene akapeze kumeneko. Maganizo anga ndi akuti kosiyi ndi yabwino, ndi yotsika mtengo ndipo ndi yoyenera kuti aliyense aichite, koma imaphunzitsa mutu wokha n'kusiya manja, ndipo amene waikhoza asadziyese kuti wadziwa kuyendetsa boti.

Lamuloli limatchedwa Brianna's Law pokumbukira Brianna Lieneck, mtsikana wa zaka 11 amene anamwalira mu Ogasiti 2005 boti lina litawomba boti la banja lawo pa Great South Bay ku Long Island. Makolo ake anavulala kwambiri pa ngoziyo, ndipo mayi ake atachira anatha zaka zambiri akukakamiza aphungu a nyumba ya malamulo ku Albany kuti achitepo kanthu, mpaka bwanamkubwa wa chigawochi pa nthawiyo, Andrew Cuomo, anasainira lamuloli mu Ogasiti 2019. Izi zisanachitike, okakamizidwa kuphunzira anali okhawo obadwa kuyambira pa 1 Meyi 1996, pamodzi ndi oyendetsa jet ski (kaboti ka injini kokwera ngati njinga yamoto), zimene zinkatanthauza kuti akuluakulu ambiri, omwenso ndi eni ake a maboti amphamvu kwambiri, ankangogula boti lero n'kulowa nalo m'madzi mawa popanda wowafunsa kanthu. Boma silinagwire anthu onse tsiku limodzi. Mu 2020 linayamba ndi obadwa kuyambira 1993, mu 2022 linafika kwa obadwa kuyambira 1988, mu 2023 kwa a 1983, mu 2024 kwa a 1978, kenako mu 2025 linakhudza aliyense. Kayendetsedwe kameneka ndimakayamikira, chifukwa kanapereka mpata wokwanira kuti makalasi asadzaze mopitirira muyeso ndiponso kuti pasapezeke wonena kuti anamudzidzimutsa.

Satifiketiyi munthu angaipeze pophunzira pa intaneti kapena pokhala m'kalasi kwa maola 8. Nthambi ya boma yoyang'anira malo osangalalirako, New York State Parks, ndi imene imavomereza aphunzitsi ndi makosi, ndipo mabungwe monga U.S. Coast Guard Auxiliary ndi America's Boating Club amaphunzitsanso makosi ovomerezeka. Pa intaneti pali makampani angapo olipiritsa, komanso pali kosi yaulere ya BoatUS Foundation. Ine ndinasankha kalasi chifukwa chofuna munthu woti ndizimufunsa pamaso, ndipo poyang'ana m'mbuyo ndikuona kuti phindu lalikulu la tsikulo linachokera m'mafunso a ophunzira anzanga ndi mayankho a aphunzitsi, zinthu zimene kompyuta singapereke. Kalasi yathu inachitikira m'holo ina ya m'dera lathu, ndipo munali anthu a misinkhu yonse, kuyambira ana a sukulu (lamulo limalola mwana wa zaka 10 kuchita kosiyi) mpaka azibambo a imvi amene nkhope zawo zinkasonyezeratu kuti abwera chifukwa chokakamizidwa. Aphunzitsi athu anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito yolondera pamadzi kwa nthawi yaitali, ndipo ankalankhula modekha, mosanyoza aliyense ngakhale wofunsa funso lachibwana.

Gawo limene linaphunzitsidwa bwino kuposa onse linali la majekete oyandamitsa. Aphunzitsi sanangowerenga lamulo ayi, koma anabwera ndi thumba lalikulu la majekete a mitundu yosiyanasiyana, n'kuitana mnyamata mmodzi wamng'ono n'kumuveka jekete la munthu wamkulu, atamanga bwinobwino malamba onse. Kenako anagwira jeketelo m'mapewa n'kulikokera m'mwamba, ndipo linatsetsereka mpaka kuphimba chibwano ndi makutu a mwanayo, mikono yake ili lendelende. Anatifotokozera kuti m'madzi zimachitika chimodzimodzi, jekete limayandama pamene mwana akumira mkati mwake, choncho kholo lililonse liziyesa chonchi lisanachoke pa doko. Anatisonyezanso jekete lina looneka lalitsopano koma lokhala ndi lamba wofumbwa ndi dzuwa, amene anaduka atangomukoka ndi manja. Zitatero m'pamene anatchula malamulo: m'boti muyenera kukhala jekete la munthu aliyense lovomerezeka ndi U.S. Coast Guard (nthambi ya boma yolondera pamadzi), lomukwana komanso losavuta kulifikira; mwana wosakwana zaka 12 ayenera kuvala lake nthawi yonse imene boti losakwana mafiti 65 likuyenda, pokhapokha ngati ali m'chipinda chotsekeka; ndipo kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 1 Meyi, aliyense amene ali m'boti losakwana mafiti 21, omwe ndi mamita 6 ndi pang'ono, ayenera kuvala jekete kaya ndi wamkulu kaya amadziwa kusambira.

Lamulo la miyezi yozizirali ndi limene ndikufuna kuti anzanga ochokera kwathu alimvetse bwino. Ambiri a ife tinaphunzira kusambira m'Nyanja ya Malawi kapena m'mitsinje ya madzi ofunda chaka chonse, ndipo timadzidalira kuti tikagwera m'madzi tisambira mpaka kumtunda. Madzi a Hudson, a Finger Lakes kapena a Lake Champlain mu Epulo ndi nkhani ina kotheratu, ngakhale kunja kukhale kukuwala dzuwa. Aphunzitsi anafotokoza kuti munthu akagwera m'madzi ozizira kwambiri, thupi limakoka mpweya mwadzidzidzi iye asakufuna, ndipo ngati pa nthawiyo mutu uli pansi pa madzi, amameza madzi n'kumira pomwepo. Amene wapulumuka mphindi yoyambayo amakhala ndi mphindi pafupifupi 10 zoti manja ndi miyendo zikugwira ntchito, kenako zala zimauma moti sangathenso kumanga lamba kapena kugwira chingwe, ndipo amatsala ndi pafupifupi ola limodzi asanakomoke ndi kuzizira, koma olalo lili ndi ntchito kwa yekhayo amene wavala jekete lomuyandamitsa mpaka thandizo litafika. Ziwerengero za U.S. Coast Guard za chaka cha 2023 zikugwirizana ndi zimenezi: anthu 564 anafa pa ngozi za maboti osangalalira m'dziko lonse la America, ndipo mwa amene chinawapha chinadziwika, atatu mwa anayi alionse anamira, pamene 87 mwa 100 alionse omirawo anali asanavale jekete. Gawo limeneli lokha likanakwanira kundikhutiritsa kuti tsiku langa silinapite pachabe.

Malamulo a kapitidwe ka maboti anaphunzitsidwa ndi timaboti tamatabwa tiwiri pa tebulo, tokhala ndi kadontho kofiira kumanzere ndi kobiriwira kumanja. Pamadzi palibe mizere yoyera kapena maloboti, choncho aliyense ayenera kudziwa pamtima amene akuyenera kupatuka. Maboti awiri akamabwera moyang'anizana, lililonse limakhotera kumanja kwake. Akamadutsana mopingasa, limene likuona linzake kudzanja lake lamanja ndi limene limapatuka n'kudutsa kumbuyo. Ndipo limene likupitirira linzake ndi limene lili ndi udindo wonse wotalikira. Usiku nkhani yomweyi imawerengedwa pa nyali, pakuti ukaona nyali yofiira ya mnzako ikudutsa kutsogolo kwako udziwe kuti wopatuka ndi iwe, ndipo ukaona yofiira ndi yobiriwira pamodzi udziwe kuti boti likulunjika pa iwe. Aphunzitsi ankasuntha timabotito n'kumaloza munthu mmodzimmodzi kuti anene chochita, ndipo ndinaona kuti ena mwa azibambo a imvi aja, amene ayendetsa maboti kwa zaka zambiri, ankayankha molakwika pa nkhani yodutsana mopingasa. Sindikunena izi powachepsa. Ndikunena chifukwa ndi umboni woonekeratu wakuti lamulo linachita bwino kusawasiya kunja. Mfundo imene aphunzitsi anaibwereza kawirikawiri ndi yakuti ngakhale woyenera kupitiriza njira yake osapatuka ali ndi udindo wopewa ngozi akaona kuti mnzake sakupatuka, ndipo kuliza hutala kasanu mwachidule ndi chizindikiro chochenjeza kuti pali ngozi kapena kuti sukumvetsa zimene mnzako akuchita.

Pa zizindikiro zoyandama zosonyeza njira, chofunika kukumbukira ndi chakuti pobwerera kuchokera kunyanja yaikulu kulowera kudoko kapena kumtunda kwa mtsinje, zofiira, zokhala ndi manambala ogawika ndi 2, zizikhala kudzanja lamanja, ndipo zobiriwira kumanzere. Aphunzitsi sanatchule kuti dongosolo limeneli si la dziko lonse lapansi, ndipo ndikuona kuti linali dzenje m'kalasi ya anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana ngati yathu. Ku Ulaya ndi ku Africa mitunduyi imakhala motembenuza, zofiira kumanzere polowa padoko, kotero kuti munthu amene anaphunzira kuyendetsa boti ku Britain kapena ku South Africa akhoza kukakwera pamiyala kuno chifukwa chotsatira zimene anazolowera.

Masana tinalowa m'nkhani za moto, mafuta ndi utsi, ndipo apa ndinaphunzira zinthu zimene munthu woyendetsa galimoto sangaziganizire n'komwe. Fungo la petulo limalemera kuposa mpweya wamba, motero m'boti la injini ya mkati limatsikira pansi n'kudzikundikira m'chipinda cha injini, ndipo kamoto kakang'ono ka poliza injini kakhoza kuphulitsa boti lonse. N'chifukwa chake pamafunika kuyatsa fani yotulutsa mpweya kwa mphindi 4 usanalize injini, makamaka ukangomaliza kuthira mafuta. Mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha, umasonkhana kumbuyo kwa boti pamene ana amakonda kukhala miyendo ili m'madzi, ndipo zizindikiro zake zoyamba, mutu ndi nseru, anthu amaziyesa chizungulire cha mafunde. Aphunzitsi anatembenuza chozimitsira moto n'kutionetsa chaka chimene chinadindidwa pansi pake, n'kufotokoza kuti kuyambira mu Epulo 2022, zozimitsira moto zogwiritsa ntchito kamodzi zimatha mphamvu pa lamulo zikapitirira zaka 12 chipangidwireni, ngakhale muvi wake ukadali pobiriwira. Anatisonyezanso kachingwe kofiira kozimitsira injini, kamene woyendetsa amakamangirira pa dzanja kapena pa jekete lake kuti akagwa injini izime yokha, ndipo lamulo la dziko lonse la America lakhala likukakamiza kukagwiritsa ntchito kuyambira mu Epulo 2021 pa maboti ambiri osakwana mafiti 26 akamathamanga. Chifukwa chake n'choopsa: boti lopanda woyendetsa limayamba kuzungulira pamalo amodzi, ndipo pulopela yake imabwerera kwa munthu amene wagwera m'madziyo.

Za mowa zinanenedwa mosapita m'mbali. Malire a mowa m'magazi ndi 0.08, monga mmene zilili pamsewu, ndipo dzuwa, mphepo, phokoso la injini ndi kugwedezeka kwa boti zimatopetsa thupi moti botolo limodzi limagwira munthu kwambiri pamadzi kuposa pamtunda. Anatchulanso liwiro la mamailosi 5 pa ola ukakhala mkati mwa mafiti 100, pafupifupi mamita 30, kuchokera kugombe, padoko kapena pa boti limene laponya nangula, komanso kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala pa maboti ang'onoang'ono kosonyeza chiwerengero cha anthu ndi kulemera kumene botilo lingasenze. Nkhani zokoka boti pa ngolo, kudziwitsa achibale za ulendo wako usananyamuke, kugawa mafuta patatu kuti gawo limodzi likhale lopitira, lina lobwerera ndi lina losungira, kuitana thandizo pa tchanelo 16 ya wailesi ya VHF, ndi kutsuka boti pofuna kupewa kusamutsa zomera ndi nkhono zowononga kuchoka nyanja ina kupita ina, zonsezi zinathamangitsidwa m'maola omaliza anthu atatopa kale. Apa ndi pamene ndinaona kuti maola 8 a tsiku limodzi ndi katundu wolemera, ndipo amene angapeze kalasi yogawidwa madzulo awiri kapena atatu asankhe imeneyo.

Mayeso amabwera kumapeto kwa tsiku lomwelo, ndipo ndi osankha yankho lolondola pa angapo amene aperekedwa. Si ovuta kwa munthu amene wamvetsera. Chimene chingapunthwitse ena mwa ife ndi Chingerezi cha amalinyero, chimene chili ndi mayina akeake a mbali za boti, zingwe ndi nyali, omwe ngakhale eni chilankhulo ambiri sawadziwa, choncho ndi bwino kupeza buku la kosiyi pasadakhale n'kuwerenga mayinawo usanakalowe m'kalasi.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuchiona kuti ndi chofooka chachikulu. Tsiku lonse linatha osagwira chiwongolero, osaponda m'boti, osaona ngakhale madzi, ndipo madzulo ake aliyense wa ife anali wololedwa ndi lamulo kukaliza injini ya mphamvu iliyonse n'kunyamula banja lake. Boti lilibe mabuleki. Limakhota ndi kumbuyo, kotero kuti ukamachoka pa doko n'kupotoza chiwongolero ngati uli m'galimoto, mchira wake umakamenya doko kapena boti la mnzako. Mphepo ndi kuyenda kwa madzi zimalikankha ngakhale injini itazima, ndipo jet ski yambiri imasiya kumvera chiwongolero ukangosiya kupereka moto, pa nthawi yeniyeni imene munthu wochita mantha amasiya kupereka motowo. Zonsezi aphunzitsi anazifotokoza momveka, koma munthu saphunzira kuvundula nsima pongomvetsera, ndipo kuimitsa boti padoko mphepo ikuwomba cham'mbali kumafuna manja amene anachitapo kale zimenezo pali wodziwa pafupi. Ku South Africa, chiphaso cha oyendetsa maboti ang'onoang'ono chimene bungwe loona za chitetezo cha pamadzi la SAMSA limayang'anira chimafuna kuti munthu ayesedwenso ali pamadzi, ndipo sindikuona chifukwa chimene chigawo cholemera ngati New York, chokhala ndi Long Island Sound, mtsinje wa St. Lawrence ndi Lake Erie, chingalepherere kuchita chimodzimodzi, ngakhale kungoyambira pa maboti aakulu ndi othamanga kwambiri. Vutoli si la aphunzitsi, amene amaphunzitsa zimene apatsidwa, koma ndi la mmene lamulolo linalembedwera.

Pali mipata ina iwiri imene ikundidetsa nkhawa. Woyamba ndi wa maboti obwereka: munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo akhoza kubwereka boti la injini pa kampani yobwereketsa popanda satifiketi, malinga ngati eni kampaniyo amufotokozera mwachidule kayendetsedwe kake ndi zida zodzitetezera. Ndikumvetsa kuti aphungu sanafune kupha malonda a alendo m'malo ngati Lake George, koma munthu wobwereka boti kamodzi pa chaka ndi amene amadziwa zochepa kuposa onse, ndipo amayenda pa madzi omwewo ndi mabanja a anthu ena. Wachiwiri ndi wakuti satifiketiyi ndi ya moyo wonse. Mwana amene waipeza ali ndi zaka 10 sadzafunsidwanso kanthu mpaka ukalamba, pamene malamulo amasintha, monga tawonera pa kachingwe kozimitsira injini ndi zozimitsira moto, zimene zasintha m'zaka zochepa zapitazi. Kubwereza kwachidule pa intaneti pakapita zaka zingapo sikungavutitse aliyense.

Ngakhale zili choncho, sindingavomereze amene amanena kuti kosiyi ndi njira yongotolera ndalama. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa boti kapena wa mafuta a tsiku limodzi: makalasi ena ndi aulere, ena amalipiritsa pang'ono malinga ndi aphunzitsi, ndipo wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene wachita kosi ya m'kalasi ya boma amalipira madola 10 kuti alandire khadi lokhalitsa, atayamba wapatsidwa chiphaso chongoyembekezera. Amene akufuna akhoza kupempha kuti chizindikiro cha nangula chiikidwe pa laisensi yake ya galimoto ya New York kuti asamayende ndi makhadi awiri, ndipo amene anapeza kale satifiketi m'chigawo china, yovomerezedwa ndi NASBLA, bungwe la oyang'anira malamulo a maboti m'zigawo za America, safunika kubwereza. Wopezeka akuyendetsa popanda satifiketi akhoza kulipira chindapusa cha pakati pa madola 100 ndi 250. Lipoti lomwe lija la 2023 linasonyeza kuti pa ngozi zimene zinadziwika ngati woyendetsa anaphunzira kapena ayi, imfa zitatu mwa zinayi zilizonse zinachitika m'maboti a anthu amene sanalandirepo maphunziro alionse a chitetezo, ndipo chiwerengero chotere n'chovuta kuchitsutsa.

Kwa amene akufunsa kuti asankhe iti, ndikulangiza kalasi ya pamaso, makamaka kwa amene sanayendetsepo boti ndi kwa makolo amene akufuna kuphunzira limodzi ndi ana awo, pozindikira kuti mwana sangayendetse jet ski asanakwanitse zaka 14 ngakhale akhale ndi satifiketi. Kosi ya pa intaneti ndi yoyenera kwa amene ntchito siimulola kupeza tsiku lathunthu, koma aziwerenga ndi mtima wofuna kudziwa, osati kungodina kuti tsamba lipite. Opalasa bwato kapena kayak sakukakamizidwa ndi lamuloli, komabe amayenda pakati pa maboti a injini ndipo lamulo la majekete m'miyezi yozizira limawakhudza, motero nawonso angapindule. Makalasi amadzaza msanga nyengo yotentha ikamayandikira, choncho ndi bwino kulembetsa m'miyezi yozizira, ndipo mukalandira khadi lanu, funsani aphunzitsi omwewo kumene mungapeze maphunziro a pamadzi penipeni, oimitsa boti padoko, kuponya nangula ndi kutola munthu amene wagwera m'madzi, musananyamule ana anu pa ulendo woyamba.